Frederick Banting

Sir Frederick Grant Banting anali dokotala komanso katswiri wa kafukufuku wa zamankhwala wa ku Canada. Anabadwa pa 14 November 1891 ndipo anamwalira pa 21 February 1941. Amadziwika chifukwa choyambitsa ntchito imene inatulukira insulini, mankhwala amene amasunga moyo wa anthu odwala matenda a shuga. Ntchitoyi inachitikira pa Yunivesite ya Toronto mu 1921 ndi 1922, ndipo anaigwira pamodzi ndi Charles Best, James Bertram Collip ndi John James Rickard Macleod. Mu 1923, chaka chimene anakwanitsa zaka 32, analandira Mphoto ya Nobel ya zamankhwala limodzi ndi Macleod.

Banting sanali mwana wanzeru zoonekera m'kalasi. Ku sekondale anabwereza mayeso kangapo, ndipo analephera chaka chake choyamba ku koleji. Analowa sukulu ya udokotala mu 1912 atabwereza chakacho, ndipo kumeneko ndi kumene malikisi ake anakwera. Zina mwa zimene zinkamugwetsa mayeso, monga kulakwitsa kalembedwe ka mawu ndi kulephera kufotokoza bwino maganizo ake, sizinamusiye mpaka kukula, ndipo zinaonekeranso pa ntchito ya insulini.

Ubwana wake

Banting anabadwira pa famu ina pafupi ndi tauni ya Alliston, m'chigawo cha Ontario. Bambo ake anali a William Thompson Banting ndipo mayi ake anali a Margaret Grant. Iye anali chitsirizira mwa ana asanu amene anakula m'banjamo. Makolo ake anali alimi opeza bwino ndithu, komanso akhristu olimbikira a mpingo wa Methodist. Ankafuna kuti mwana wawo wotsirizayu adzakhale mbusa.

Ali mwana anali wamanyazi ndipo sankalankhulalankhula. Ankakonda ntchito za pafamu ndi kusamalira ziweto kuposa kukhala m'kalasi. Bambo ake anali ndi chizolowezi chopatsa mwana wamwamuna aliyense madola 1,500 akafika zaka 21. Akulu ake anagwiritsa ntchito ndalamazi pa ulimi, koma za Frederick zinapita ku maphunziro.

Ku sekondale

Banting anaphunzira sukulu za boma ku Alliston. Vuto lake lalikulu linali maphunziro a zilankhulo. Ankalakwitsa kalembedwe ka mawu ambiri a Chingerezi, ngakhale kuti chinali chilankhulo chake chobadwa nacho, ndipo izi zinkamuchititsa mantha akamalowa m'chipinda cha mayeso. Pa mayeso olowera ku yunivesite a mu 1908 anakhoza fizikisi ndi kemisitiri, koma anayenera kubwereza Chingerezi ndi kuwonjezera Chilatini. Chaka chotsatira anakhoza Chilatini, koma analephera Chifalansa ndi chimangirizo cha Chingerezi. Anamaliza kukhoza maphunziro onse ofunika mu July 1910, ali ndi zaka 18.

Kunja kwa kalasi zinthu zinkamuyendera. Ankasewera mpira ndi masewera ena, ndipo anali ndi luso lojambula zithunzi pamanja, luso limene anadzabwererakonso atakula.

Kulephera ku koleji ndi kulowa sukulu ya udokotala

Mu September 1910 Banting analowa Victoria College, koleji ya mpingo wa Methodist imene ili pansi pa Yunivesite ya Toronto. Analembetsa maphunziro osakhala a sayansi, amene anthu ofuna ubusa ankayambira. M'maphunziro amenewa munali zilankhulo, zomwe zija zinamuvuta ku sekondale. Ankalimbikira kuwerenga, komabe pamapeto pa chaka anapezeka kuti walephera.

Wophunzira wolephera chaka choyamba akanatha kubwerera kwawo, ndipo kwa Banting famu inalipo yomudikira. Iye anasankha kubwerera ku koleji kukabwereza chakacho. Pa nthawiyi anali atatsimikiza mumtima kuti akufuna udokotala osati ubusa, ndipo makolo ake sanamuletse. Mu February 1912 analemba kalata yopempha akuluakulu a yunivesite kuti amulole kusamukira ku maphunziro a udokotala. Pempholo analivomera, ndipo mu September 1912 anayamba sukulu ya udokotala pa yunivesite yomweyo.

Masiku amenewo ku Toronto munthu sankafunika kukhala kale ndi digiri kuti ayambe maphunziro a udokotala. Amene wakwaniritsa zofunika pa mayeso olowera ku yunivesite ankatha kuyamba kosi ya zaka zisanu. Choncho kulephera kwa Banting ku Victoria College kunamutayitsa zaka ziwiri, koma sikunamutsekere khomo.

Ku sukulu ya udokotala malikisi ake anasintha kwambiri. Maphunziro a zilankhulo kunalibe. M'malo mwake ankaphunzira kapangidwe ka thupi la munthu, kagwiridwe ntchito ka ziwalo, ndi zina zofuna maso ndi manja, zimene mwana wokulira pakati pa ziweto sankavutika nazo. Ankawerenga mpaka usiku kwambiri. Sanafike pokhala nambala wani, koma ankakhoza kuposa ophunzira apakatikati, pafupifupi pa giredi B. Ankasewera rugby, ndipo pa tchuthi chachitali ankabwerera kwawo kukathandiza pafamu. Pa nthambi zonse za udokotala, mtima wake unali pa za opaleshoni.

Ku nkhondo

Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse itayamba mu 1914, Banting anayesa kawiri kulowa usilikali koma anamukana chifukwa cha vuto la maso. Mu 1915 anamulandira m'gulu la zachipatala la asilikali a Canada. Popeza kunkhondo kunkafunika madokotala ambiri, yunivesite inafupikitsa maphunziro a kalasi yake, moti chaka chachisanu anachiphunzira pa nthawi ya tchuthi mu 1916. Analandira digiri yake yoyamba ya udokotala mu December 1916. Kufupikitsa kumeneku kunachititsa kuti atuluke ndi maphunziro osakwanira bwino, makamaka pa nkhani za kafukufuku.

Mu 1917 anapita ku England, kumene anagwira ntchito pachipatala cha asilikali pansi pa dokotala wa mafupa Clarence Starr. Mu 1918 anamutumiza ku France. Pa 28 September 1918, pa nkhondo ya ku Cambrai, chidutswa cha bomba chinamuvulaza mkono wamanja, koma anapitiriza kumanga mabala a asilikali ena kwa maola ambiri asanavomere kuti nayenso athandizidwe. Chifukwa cha zimenezi anapatsidwa mendulo ya Military Cross mu 1919.

Ku London, Ontario

Atabwerera kwawo anaphunzira za opaleshoni kwa chaka chimodzi pa chipatala cha ana cha Hospital for Sick Children ku Toronto, koma sanapatsidwe malo okhazikika. Mu July 1920 anatsegula kachipatala kakekake m'nyumba imene anagula mumzinda wa London, m'chigawo chomwecho cha Ontario. Zinthu sizinamuyendere. Anakhala masabata anayi osalandira wodwala, ndipo mwezi woyambawo anapeza madola 4 okha. Kuti apeze chowonjezera anayamba ganyu yothandiza kuphunzitsa pa sukulu ya udokotala ya Yunivesite ya Western Ontario.

Kumapeto kwa October 1920 anayenera kukonzekera phunziro lonena za kapamba, nkhani imene sankaidziwa kwenikweni. Madzulo a pa 30 October anawerenga nkhani ya dokotala wa ku America, Moses Barron. Nkhaniyo inkafotokoza za munthu amene mwala unatseka kanjira kotulutsa madzi ogaya chakudya kuchokera mu kapamba. Mbali yaikulu ya kapambayo inafota, koma timagulu ta maselo totchedwa tizilumba ta Langerhans tinatsala bwinobwino. Usiku umenewo Banting anasowa tulo, ndipo cha m'ma 2 koloko m'bandakucha wa pa 31 October analemba maganizo ake m'kabuku. Ankafuna kumanga kanjirako mwa agalu, kudikira kuti kapamba afote, kenako n'kutenga madzi a m'tizilumbato. M'mizere yochepayo analakwitsa kalembedwe ka mawu awiri a zachipatala, kuphatikizapo dzina lenileni la matenda a shuga.

Zimene zinkadziwika pa matenda a shuga

Pa nthawiyo ana ndi achinyamata opezeka ndi matenda a shuga ankamwalira, ambiri pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri. Thupi lawo linkalephera kugwiritsa ntchito shuga wochokera m'chakudya, choncho shugayo ankachuluka m'magazi n'kumatulukira mumkodzo, wodwalayo akuwonda. Chithandizo chodziwika chinali cha dokotala wa ku America, Frederick Allen, amene ankachepetsa kwambiri chakudya cha odwala. Njirayi inkatalikitsa moyo pang'ono, koma ena ankafa ndi njala.

Akatswiri ankadziwa kale kuti vutolo likukhudza kapamba. Paul Langerhans anafotokoza za tizilumba tija mu 1869. Mu 1889 Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anaonetsa kuti galu akamuchotsa kapamba amadwala matenda a shuga. Anthu angapo, monga Georg Zuelzer wa ku Germany ndi Nicolae Paulescu wa ku Romania, anayesapo kupanga mankhwala kuchokera ku kapamba, ndipo ena anatsitsadi shuga m'magazi a zinyama. Chimene chinkawavuta chinali kuyeretsa mankhwalawo kuti asavulaze munthu. Banting anali asanawerenge zambiri mwa ntchito zimenezi.

Kafukufuku wa ku Toronto

Mu November 1920 Banting anakaonana ndi Macleod, pulofesa wa pa Yunivesite ya Toronto amene anali katswiri wodziwika pa nkhani ya mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga. Banting sanafotokoze bwino maganizo ake, ndipo Macleod anaona msanga kuti mlendoyo sakudziwa zimene ena analemba kale pa nkhaniyi. Komabe pambuyo pake anavomera kumupatsa malo mu labotale, agalu oyesera, ndi wophunzira mmodzi womuthandiza. Wophunzirayo anali Charles Best, wa zaka 22, amene ankadziwa kuyeza shuga m'magazi ndi mumkodzo, ntchito imene Banting sankaidziwa.

Ntchito inayamba pa 17 May 1921. Macleod anawaonetsa kachotsedwe ka kapamba ndi kuwalangiza mmene angakonzere mankhwalawo, kenako mu June anapita kwawo ku Scotland kutchuthi. Masabata oyambirira agalu ambiri anafa chifukwa cha maopaleshoni osayenda bwino ndi mabala olowa tizilombo. Banting sankalandira malipiro, ndipo anagulitsa galimoto yake kuti apeze ndalama. Pa 30 July anabaya galu wochotsedwa kapamba ndi madzi ochokera mu kapamba wofota, ndipo shuga wa m'magazi mwake anatsika. Anabwereza zimenezi pa agalu ena n'kuona zofanana.

Macleod atabwera anawauza kuti abwereze kuyesako mosamala kwambiri kuti umboni ukhale wolimba. Chakumapeto kwa 1921 Banting ndi Best anapeza kuti atha kutenga mankhwalawo mu kapamba wa ana a ng'ombe osabadwa, kenako mu kapamba wa ng'ombe zazikulu zochokera kophera nyama, pogwiritsa ntchito mowa woyera wa mu labotale. Izi zinatanthauza kuti kumanga kanjira kaja, komwe kunali phata la maganizo oyamba a Banting, kunali kosafunika. Galu wina wotchedwa Marjorie anakhala ndi moyo masiku 70 alibe kapamba, akungobayidwa mankhwalawo.

Mu December 1921 Macleod anaitanira m'gululo James Collip, katswiri wa kemisitiri ya m'thupi wa pa Yunivesite ya Alberta, amene pa nthawiyo anali ku Toronto. Ntchito yake inali kuyeretsa mankhwalawo. Pa 30 December Banting anakafotokoza zotsatira za kafukufukuyu pa msonkhano wa akatswiri ku New Haven, m'dziko la United States. Analankhula mododoma ndipo mafunso anamukulira, mpaka Macleod, amene ankatsogolera zokambiranazo, analowererapo kumuyankhira. Kuyambira pamenepo Banting anayamba kukayikira kuti Macleod akufuna kumulanda ulemu wa ntchitoyo.

Odwala oyamba

Pa 11 January 1922, pa chipatala cha Toronto General, mnyamata wa zaka 14 dzina lake Leonard Thompson anabayidwa mankhwala amene Banting ndi Best anakonza. Shuga anatsika pang'ono chabe, ndipo pamene anamubayapo panatuluka chithupsa. Pa 23 January anamubayanso, ulendo uno ndi mankhwala amene Collip anayeretsa. Shuga wa m'magazi anatsika kwambiri, wa mumkodzo anatsala pang'ono kutheratu, ndipo mnyamatayo anayamba kupeza mphamvu. Thompson anakhala ndi moyo mpaka 1935.

Pa 3 May 1922 Macleod analengeza za mankhwalawa pa msonkhano wa madokotala ku Washington, ndipo gululo linawatchula kuti insulini, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza chilumba. Kupanga insulini yambiri kunavuta poyamba. Labotale ya Connaught ya yunivesiteyo inagwirizana ndi kampani ya Eli Lilly ya ku Indianapolis, ndipo pofika 1923 mankhwalawa anayamba kupezeka ochuluka. Mmodzi mwa odwala amene Banting anawasamalira yekha anali Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yoona za kunja ya United States, Charles Evans Hughes. Anafika ku Toronto mu August 1922 ali pafupi kukwanitsa zaka 15, akulemera makilogalamu pafupifupi 20. Anachira, anakwatiwa, anabereka ana, ndipo anamwalira mu 1981.

Mu January 1923 umwini wa insulini unaperekedwa ku Yunivesite ya Toronto. Banting, Best ndi Collip analandira dola imodzi aliyense. Cholinga chinali choti munthu wina kapena kampani imodzi isadzatsekereze ena kupanga mankhwalawa.

Mphoto ya Nobel ndi mkangano wake

Mu 1922 Yunivesite ya Toronto, kumene Banting analepherera chaka choyamba zaka 11 m'mbuyomo, inamupatsa digiri yapamwamba ya udokotala pamodzi ndi mendulo yagolide. Mu 1923 Nyumba ya Malamulo ya Canada inavomereza kuti azilandira madola 7,500 chaka chilichonse kwa moyo wake wonse, ndipo anamukhazikitsira udindo wa pulofesa wa kafukufuku wa zamankhwala.

Mu October 1923 zinalengezedwa kuti Mphoto ya Nobel yapita kwa Banting ndi Macleod. Banting anakwiya kwambiri poona kuti Best wasiyidwa, ndipo anafuna kuikana mphotoyo. Atamunyengerera anailandira, koma anagawana ndi Best ndalama zake pakati ndi pakati. Nayenso Macleod anagawana zake ndi Collip. Banting ndi Macleod sanagwirizanenso, ndipo Macleod anabwerera ku Scotland mu 1928.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkafotokozedwa ngati ya anthu awiri okha, Banting ndi Best. Katswiri wa mbiri yakale Michael Bliss, m'buku lake la mu 1982 lonena za kutulukira kwa insulini, anaonetsa kuchokera m'makalata ndi m'mabuku a mu labotale kuti onse anayi anali ofunika. Banting anabweretsa maganizo oyambira, luso la opaleshoni ndi khama losabwerera m'mbuyo. Zimene iye analibe, monga kuyeza kolondola, kudziwa zolemba za akatswiri ena ndi kuyeretsa mankhwala, zinachokera kwa Best, Macleod ndi Collip.

Zaka zotsatira

Banting anatsogolera dipatimenti ya kafukufuku yotchedwa ndi dzina lake ndi la Best pa Yunivesite ya Toronto. Anafufuza za khansa, za matenda a m'mapapo amene amagwira anthu a m'migodi chifukwa cha fumbi la miyala, ndi za kutsitsimutsa anthu omira m'madzi. Iye mwini sanatulukirenso china chofanana ndi insulini, koma anathandiza akatswiri achinyamata ambiri kupeza malo ndi ndalama zochitira kafukufuku. Mu 1934 Mfumu George V inamupatsa ulemu wa Sir, ndipo mu 1935 anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la Royal Society la ku Britain.

Ankathera nthawi yake yopuma pa kujambula zithunzi ndi penti. Anali bwenzi la A. Y. Jackson, mmodzi wa akatswiri ojambula a gulu la Group of Seven, ndipo ankayenda naye maulendo okajambula. Mu 1927 anapita limodzi kumpoto kwenikweni kwa Canada pa sitima ya boma. Atabwerako, Banting anadzudzula kampani ya Hudson's Bay chifukwa cha mmene inkachitira malonda ndi anthu a mtundu wa Inuit, zimene iye ankaona kuti zikuwononga thanzi lawo.

Mu 1924 anakwatira Marion Robertson ndipo anabereka mwana mmodzi, William. Banjali linatha mu 1932. Pambuyo pake anakwatira Henrietta Ball, amene ankagwira ntchito ya kafukufuku m'dipatimenti yake ndipo anadzakhala dokotala.

Imfa yake

Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ili pafupi, Banting anayamba kutsogolera kafukufuku wa thanzi la oyendetsa ndege zankhondo. Mmodzi wa anthu a m'dipatimenti yake, Wilbur Franks, anapanga chovala choteteza oyendetsa ndege kuti asakomoke ndege ikamakhota mwaliwiro. Banting analowanso usilikali ndipo ankalumikizitsa akatswiri a ku Canada ndi a ku Britain.

Usiku wa pa 20 February 1941 ananyamuka pa bwalo la ndege la Gander, ku Newfoundland, pa ndege yankhondo ya mtundu wa Lockheed Hudson yopita ku England. Itangouluka pang'ono mainjini ake anawonongeka, ndipo inagwa pafupi ndi Musgrave Harbour. Anthu awiri anafera pomwepo. Banting anavulala kwambiri ndipo anamwalira tsiku lotsatira, ali ndi zaka 49. Woyendetsa ndegeyo, Joseph Mackey, ndi yekhayo amene anapulumuka. Banting anaikidwa m'manda a Mount Pleasant ku Toronto.

Chikumbutso

Nyumba ya ku London, Ontario, mmene analembera maganizo ake oyamba, tsopano ndi malo osungirako mbiri yake ndipo imatchedwa Banting House. Panja pake pali moto umene mayi a Mfumukazi Elizabeth II anauyatsa mu 1989, ndipo anakonza zoti udzazimitsidwe pokhapokha mankhwala ochiziratu matenda a shuga akadzapezeka, popeza insulini imangothandiza wodwala kukhala ndi moyo koma sichiza. Kuyambira mu 1991, tsiku lake lobadwa, 14 November, ndi tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse. Linakhazikitsidwa ndi bungwe la International Diabetes Federation pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ndipo bungwe la United Nations linalivomereza mu 2006.